Katsamba Kobiriwira

Titatseka lesitilanti, msewu wa Belgrave utazizira,
ndinayala mamenyu makumi atatu patebulo la pawindo,
cholembera chobiriwira chili m'manja,
bambo anga, a Hasmukh, ataima kumbuyo ngati mlonda.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
nyama sinalowepo m'khitchini muno,
ngakhale dzira, ngakhale munga wa nsomba.
Ndiye ukufuna kulembanso chiyani? anandifunsa.

Ndinawakumbutsa za mtsikana wa Lachiwiri lija,
Tamsin, wa njinga, chipewa chitanyowa ndi mvula,
amene anafunsa mwaulemu wake wonse:
Mulibe mkaka umu? Nanga batala? Nanga uchi?
Nilesh woperekera zakudya analowa kukhitchini katatu,
katatu n'kutuluka ndi yankho losiyana,
mpaka mtsikanayo anangodya mpunga woyera ndi tomato
pakati pa kununkhira konse kwa nyumba ino.
Analipira, anathokoza, sanabwerenso.

Ndiye ndinayamba.
Samusa: katsamba.
Nandolo wothira kokonati: katsamba.
Mabilinganya owotcha: ndinafuulira kukhitchini,
mayi anga a Jigna, manja ali m'thovu la mbale,
anati, mafuta a mpendadzuwa okha! Katsamba.
Pa chapati cholembera chinaima m'malere,
pakuti chapati amabadwa wopanda mlandu,
koma akamachoka pamoto bambo amamudzoza pamphumi.

Tinafika pa mphodza.
Mphodza zathu, zimene anthu amaziyendera kuchokera ku Coventry,
zimawira maola asanu zili mbewu ndi madzi chabe,
kenako, pamapeto penipeni,
supuni imodzi ya batala woyengedwa, adyo ndi tsabola
imagwera pamwamba n'kulira kuti tsaaa!
Bambo anati: Ukachotsa kulira kumeneko
zotsalazo ndi phala la odwala.

Anakhala pansi, anavula magalasi.
Kale, anati, kunalibe zizindikiro.
A Shantilal, amene sadya anyezi kapena mbatata
poopa kupha tizilombo ta m'nthaka pokumba,
ankangolowa, ine n'kuwaona nkhope,
mbale yawo n'kudziwa yokha kopita.
Mayi wa shuga uja, mnyamata amene mtedza umamutupitsa,
onsewo ndinawasunga umu. Anadzigogoda pamutu.
Lero ukufuna pepala lizidziwa anthu m'malo mwa ine.

Ndinati: Bambo, pepala ndi la amene simunawaonebe.
Mlendo safuna kukhuthula mtima wake wonse
chifukwa cha mbale imodzi ya masana,
anzake apatebulo akumuyang'anitsitsa,
wina akuseka, wina akuusa moyo ndi njala.

Sanayankhe. Anakazimitsa magetsi akutsogolo.

M'mawa mwake ndinapeza timapoto tiwiri pachitofu,
kena ka batala, kena ka mafuta a nthangala za mpiru,
bambo akulawa uku, akulawa uku, nkhope ngati woweruza milandu.
Kachiwirika, anati, kakulira ndithu,
koma ndi mawu a munthu wina.
Anawonjezera mchere. Analawanso.
Kuti zakoma sananene, koma sanazitaye.

Pa menyu mphodza zalembedwa kawiri tsopano,
mzere wina uli ndi katsamba, wina ulibe,
mtengo ndi womwewo.
Timasamba tina ndinatijambula mothamanga, tikuoneka ngati nsomba,
ndipo makasitomala akale amatifunsa moseka
ngati tasintha chipembedzo.
A Shantilal sawerenga n'komwe. Amangokhala pampando wawo.

Tamsin sanabwerebe.
Mwina anapeza malo ena, mwina anasamuka mu Leicester muno.
Koma njinga iliyonse ikaima pawindo
ndimaona bambo akusuzumira pakhomo la khitchini,
dzanja lili kale pa kapoto kachiwiri.